Makalata a Omvera: Mayi wa ku Münster ndi nyimbo zimene Hitler analetsa

Mwaswera bwanji omvera athu, kulikonse kumene mawu angawa akukupezani madzulo ano. Sabata yatha ndinaika nyimbo imodzi ya Chijeremani pulogalamu ili pafupi kutha, nthawi n'kundithera ndisananene chilichonse chokhudza woimbayo. Nyimboyo yabala makalata, ena a papepala, ena a pa WhatsApp. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa amayi ena a ku Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito. Akuti:

"Achimwene, ndinali ndikuvundula nsima pamene munaika nyimbo ya mayi uja. Palibe liwu ndi limodzi lomwe limene ndinalimva tanthauzo, koma mthiko ndinausiya mumphika. Amayamba ngati akukunong'oneza kukhutu, kenako mawu aja n'kuuma ngati munthu amene akuwerenga milandu pabwalo. Kodi ameneyu ndani? Ndi woimba kapena wazisudzo? Ine ndimamva ngati akusewera, osati kungoimba ayi."

Amayi, khutu lanu silinakunamizeni. Nyimbo ija ikuwerengadi milandu, ya chigawenga china chotchedwa Mackie Messer, chimene chimayenda ndi mpeni koma mpeniwo palibe amauona. Ndipo woimbayo ndi wazisudzodi. Dzina lake ndi Ute Lemper, anabadwa pa 4 July 1963 mumzinda wa Münster, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa West Germany. Kuvina anaphunzira ku Cologne, zisudzo anakaphunzira ku Vienna, pasukulu ya Max Reinhardt Seminar. Ntchito imene inamutchukitsa ndi ya masewero aja amene nkhani imayenda ndi zolankhula, nyimbo ndi magule nthawi imodzi, amene kunjako amawatcha musical.

Anayamba ali ndi zaka 20, mu 1983, pamene sewero la Cats linaonetsedwa koyamba m'Chijeremani ku Vienna. M'sewero limenelo aliyense amavala ngati mphaka, nkhope yopakidwapakidwa, moti ngakhale mayi ako sangakuzindikire. Atachoka kumeneko anakasewera Peter Pan ku Berlin. Koma chitseko chenicheni chinatseguka ku Paris, pamene Jérôme Savary anamupatsa gawo la Sally Bowles m'sewero la Cabaret. Nkhani yake imachitikira m'malo ena achisangalalo ku Berlin cha m'ma 1930. Mkati anthu akuvina, akumwa, akukondana, pamene panja chipani cha Nazi, cha Adolf Hitler, chikukula tsiku ndi tsiku, ndipo Sally ndi mtsikana woimba amene safuna n'komwe kusuzumira pawindo. Taganizani, amayi: mtsikana wa Chijeremani, wobadwa zaka 18 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kuima pamaso pa Afalansa amene makolo awo anaona asilikali a Hitler akuguba m'misewu ya Paris yomweyo, n'kumasewera nkhani imeneyi. Afalansa anamupatsa mphoto ya Molière mu 1987, mphoto yaikulu ya zisudzo m'dziko lawo.

Patapita zaka khumi anali ku London, ku Adelphi Theatre, akusewera Velma Kelly m'sewero la Chicago, mkazi wovina amene ali m'ndende chifukwa chopha mwamuna wake ndi mchemwali wake. Gawo limenelo linamupezetsa mphoto ya Olivier mu 1998, ndipo chaka chomwecho anakalisewera ku Broadway, ku New York, mzinda umene anakhazikikamo.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa Fomu 4 wa ku Kasungu.

"Ankolo, ine ndili m'kalabu ya zisudzo kusukulu kwathu komanso ndimaimba kwaya. Bambo anga amati zimenezi n'zachibwana, sizingandidyetse. Kodi anthu ngati mayi munaika uja amaphunzira chiyani kuti ikhale ntchito yeniyeni?"

Mwana wanga, chibwana mulibemo, mwadzaza thukuta. Ku London ndi ku New York sewero limodzi limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa sabata, masiku ena kawiri tsiku limodzi, kwa miyezi yambirimbiri. Mawu omwewo, gule yemweyo, ndipo munthu amene wagula tikiti Lachinayi afuna aone moto womwe anaona wa Lolemba. Chovuta kwambiri ndi mpweya. Yesa kuvina chimtali mphindi zitatu, ukangoima uyambe nyimbo ya kwaya mawu osanjenjemera. Ukatero udziwa chifukwa chake Lemper anapita kusukulu ziwiri asanakwere pasiteji.

China n'zilankhulo. Iyeyu amaimba m'Chijeremani, Chifalansa, Chingerezi, ngakhale Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a ku Ulaya, ndipo n'zimene zinamutsegulira Paris ndi London. Ndiye bambo ako usakangane nawo. Khoza mayeso ako, kalabu usaisiye, ndipo uwauze kuti ku University of Malawi ku Zomba zisudzo zimaphunzitsidwa ngati phunziro lina lililonse. Sewero likadzakhalapo kusukulu kwanu, udzawapemphe mwaulemu abwere adzakuone ndi maso awo.

Kalata yachitatu ndiyo yandigoneka mochedwa sabata ino. Yachokera kwa bambo ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo amatimvera pa intaneti.

"Bambo muulutsi, ine sindinakondwe nazo. Ndaonera zithunzi za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndaona zimene Ajeremani anachita kwa Ayuda. Chilankhulo chimenechi ndikachimva ndimangoona Hitler akukuwa. Nyimbo zatha kodi, kuti mpaka mutiikire za anthu amenewa?"

Bambo, zikomo polankhula mosabisa, ndipo mtima umene wakulembetsani kalatayi ndaulemekeza. Zimene munaonazo zinachitikadi, Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa. Koma ndiloleni ndikuuzeni mwini wa nyimbo ija. Anaipeka ndi Kurt Weill, Myuda, wobadwira ku Dessau mu 1900, mwana wa mtsogoleri wa nyimbo m'sunagoge. Mawu ake analemba ndi Bertolt Brecht, ndipo inamveka koyamba ku Berlin mu 1928. Hitler atatenga boma mu 1933, Weill anathawira ku Paris, Brecht nayenso anathawa. Nyimbo zawo zinaletsedwa. Mu 1938 a Nazi anachita kukonza chionetsero ku Düsseldorf chonyoza nyimbo zimene ankati n'zowonongeka, zodetsa mtundu, ndipo Weill anali m'gulu la onyozedwawo. Kunena kwina, bambo, nyimbo imene inakupwetekani mtima ija, mukanaiimba pagulu ku Berlin mu 1940, akanakumangani ndi anthu a Hitler omwe mukuwanenawo.

Apa ndi pamene ine ndimamuikira Lemper pamwamba pa anzake ambiri a mawu okoma ngati iye. Akanatha kumangodya za Cats ndi Chicago moyo wake wonse. M'malomwake, mu 1988 anatulutsa chimbale cha nyimbo za Weill ndi kampani ya Decca, kenako china cha nyimbo za m'malo achisangalalo a ku Berlin a Hitler asanalamulire, za anthu ngati Friedrich Hollaender ndi Mischa Spoliansky, onsewo othawa kwawo mu 1933. Pambuyo pake anafika pa zowawa zenizeni: nyimbo zimene Ayuda anapeka ali m'misasa yozunzirako anthu, zina zogonekera ana. Iye si Myuda, anakulira m'banja la Chikatolika. Ndi mwana wa mtundu umene unapalamula, ndipo anasankha kusenza mawu a anthu amene mtundu wakewo unafuna kuwafafaniza. Khoma limene linkagawa mzinda wa Berlin pawiri litagwa, analinso m'gulu la oimba pa konsati yaikulu imene Roger Waters, woimba wa ku England, anachititsa pa Potsdamer Platz pa 21 July 1990, pamalo pomwe khomalo linkadutsa.

Pali nkhani ina imene iye mwini amaifotokoza, ndipo ine siindichoka m'mutu. Atapambana ku Paris, atolankhani anayamba kumutcha Marlene Dietrich watsopano. Dietrich, kwa amene simukumudziwa, anali katswiri wa mafilimu wa ku Berlin amene anapita ku America mu 1930, anakana kubwerera kukatumikira a Nazi, anatenga unzika wa America, n'kumakaimbira asilikali omenyana ndi Hitler. Atapita kukaimba ku Germany mu 1960, ena mwa anthu akwawo anamulandira ndi zikwangwani zomuthamangitsa, kumutenga ngati wogulitsa mtundu. Pofika 1988 anali gogo wa zaka zoposa 85, wodzitsekera m'nyumba yake ku Avenue Montaigne ku Paris, wosafuna kuonedwa ndi munthu. Lemper anachita manyazi ndi kuyerekezedwa kuja, ndipo anamulembera kakhadi kopepesa. Gogoyo anamuimbira foni. Anacheza maola atatu. Mtsikana amene akungoyamba kumene ndi gogo amene kwawo kunamukana, awiri onse Ajeremani, onse ali m'dziko la eni, akucheza pa foni osaonana nkhope. Patapita zaka pafupifupi 30, Lemper anakonza sewero lathunthu kuchokera pa macheza amenewo.

Ndipo kukanidwa kwawo naye anakulawa. Mu May 1992 anasewera Lola ku Berlin, gawo lomwe linatchukitsa Dietrich m'filimu ya 1930. Dietrich anamwalira pa 6 mwezi womwewo ku Paris, thupi lake n'kukaikidwa ku Berlin. Olemba za zisudzo m'manyuzipepala a ku Germany analikhadzula sewerolo mopanda chisoni, ndipo Lemper sanamusiye. Amene Paris inamuwombera m'manja, kwawo anamutembenukira. Sindikunena kuti sewero lililonse limene munthu wachita liyenera kuyamikiridwa, koma ukali umene unalipo pamenepo ine ndimauona kuti unapitirira muyeso wa sewero.

Popeza muli ku Johannesburg, bambo, pali chinanso chimene chikukukhudzani. Sewero lomaliza limene Weill anamaliza asanamwalire ku New York mu 1950 ndi Lost in the Stars, la 1949, lochokera m'buku la Alan Paton lonena za m'busa wachikuda amene anachoka kumudzi ku Natal kukafunafuna mwana wake mumzinda womwe mukukhalawo. Munthu amene tsankho linamuchotsa kwawo anamalizira ntchito yake pa nkhani ya tsankho la ku South Africa, patangopita chaka chimodzi boma la tsankho litalowa mu 1948.

Sindikukakamizani kuikonda nyimbo ija. Ndingokupemphani mukhale nafe mphindi zinayi zikubwerazi, ndipo mudzandilemberenso. Ndikuika nyimbo ina ya Weill, woimba ndi Ute Lemper yemweyo. Amayi a ku Zomba, nsima muyambe mwaphula. Iyi muimva ili m'Chifalansa, chifukwa Weill anaipekera ku Paris mu 1934, patatha chaka chimodzi chithawire ku Berlin.