Zimene Ndinaphunzira Nditayamba Kukwera Matanthwe

Zikomo kwambiri a wapampando pondipatsa mpata uwu, komanso inu nonse amayi, abambo ndi achinyamata amene mwabwera kudzamva za masewera okwera matanthwe. Ine si katswiri ayi, ndangoyamba kumene, ndipo mwina n'chifukwa chake zolakwitsa zanga zingakuthandizeni, popeza ndikuzikumbukirabe bwinobwino.

Tsiku loyamba ndinapita ndi maganizo akuti wokwera thanthwe amadalira mphamvu za mikono. Mlangizi anandiveka lamba wodutsa m'chiuno ndi m'ntchafu, chisoti, ndi nsapato zothina za labala, kenako anandimangirira ku chingwe chimene chinadutsa pa zitsulo zokhomedwa pamwamba pa thanthwe n'kutsikira kwa iye. Kakweredwe kameneka amakatcha top rope, ndipo oyamba ambiri amaphunzirira komweka, chifukwa ukaterereka sugwa patali, umangolendewera pomwepo. Ndinayamba kudzikoka ndi manja ngati ndikukwera mtengo, zigongono zili zopinda, maso ali m'mwamba kufunafuna pogwira. Ndisanafike n'pakati pomwe, mikono inauma gwa, zala zinakana kugwira, ndipo mwendo wakumanja unayamba kunjenjemera wokha osandimvera.

Mlangizi ali pansipo anafuula kuti, "Yang'anani kumapazi kwanu!" Nditayang'ana ndinaona kamzere kotumphuka pamwalapo, kosaposa chala m'lifupi, kamene sindikanakhulupirira kuti kanganyamule munthu wamkulu. Ndinapondapo ndi nsonga ya nsapato, ndinawongola bondo, ndipo ndinangoona ndakwera. Miyendo ndi imene inazolowera kunyamula thupi tsiku lonse, pamene manja ntchito yake yaikulu ndi kukusunga kuti usagwe chagada. Popuma muziwongola mikono, kuti kulemera kwa thupi kukhale pa mafupa, minofu ipume. Achinyamata amene muli ndi changu, dziwaninso kuti minofu imalimba msanga kuposa mitsempha ya m'zala, choncho amene amathamangira timiyala ting'onoting'ono m'miyezi yoyamba amavulala zala.

Mantha enieni ndinawamva nditafika pamwamba. Kuti munthu atsike, ayenera kusiya mwala ndi manja onse awiri, kukhala pansi m'malere ngati pali mpando, mapazi ataponda pa thanthwe, n'kulola mnzake amutsitse. Ndinakakamira pamenepo nthawi yaitali, pakamwa patauma. Chingwe cha mamilimita pafupifupi 10 kunenepa kwake chimaoneka chochepa kwambiri ukakhala pamwamba, koma m'kati mwake muli ulusi wa nayiloni umene umatamuka pang'ono munthu akagwa, kuti msana usalandire mphamvu yonse nthawi imodzi. Zitsulo zokolera chingwe, zotchedwa carabiner, zimalembedwa pambali mphamvu zake: zambiri zimapirira 20 kN kapena kuposerapo zikakhala zotseka, kumene kuli ngati kulemera kwa matani awiri, koma zikatseguka kapena kukokedwa chopingasa mphamvuyo imatsika kufika pafupifupi 7 kN. Ndinazidziwa zonsezi, komabe manja anga anatenga nthawi kuti avomereze.

Tsono zida zolimba chotere zimadalira mfundo imodzi imene iwe mwini wamanga, yooneka ngati nambala 8. M'chaka cha 1989, Lynn Hill wa ku America, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pa masewerawa, anasokonezedwa akumanga mfundo yake ku Buoux m'dziko la France, ndipo anayamba kukwera asanaimalize. Atafika pamwamba n'kutsamira chingwe, chinasololoka, ndipo anagwa mamita opitirira 20, koma anapulumuka chifukwa nthambi za mtengo zinachepetsa liwiro lake. Mayi yemweyu m'chaka cha 1993 anakhala munthu woyamba kukwera njira ya The Nose pa thanthwe la El Capitan ku Yosemite m'dziko la America, lotalika mamita pafupifupi 900, ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza. N'chifukwa chake wokwera ndi womugwirira chingwe amayenderana asananyamuke: lamba ngati wamangidwa bwino, mfundo ngati yatha, chingwe ngati chalowa molondola m'kachipangizo kogwirira, carabiner ngati yatsekedwa bwino.

Poyamba mwambo umenewu ndinkauona ngati wotayitsa nthawi, ndisakubisireni. Tsiku lina ndikucheza uku ndikumanga, ndinadutsitsa chingwe pa chingwinjiri chimodzi chokha cha lamba m'malo mwa ziwiri, ndipo ndinali nditaika kale phazi pa mwala. Mnzanga, amenenso anali wongoyamba kumene, anagwira mfundoyo, anaitembenuza, nati mwaulemu, "Achimwene, tamasulani muyambirenso." Ndinamasula manyazi atandigwira, ndinamanganso osayankhula, iye anawerenga zingwe za mfundoyo ziwiriziwiri mpaka kukwana magulu asanu, kenako anandiuza kuti ndikwere.