Mafunso 13 a phewa, ndi mmene anawayesera ku Iran

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Tsopano tafika pa nkhani ya phewa.

Ululu suoneka pa X-ray. Dokotala akhoza kuona fupa lili bwinobwino, koma sangaone kuti inu mwachezera usiku wonse chifukwa munagonera mbali yopwetekayo. Amene akudziwa ndinu eni ake. N'chifukwa chake mu 1991 akatswiri ofufuza, a Roach ndi anzawo, ku America anakonza mafunso 13 oyezera vuto la phewa, otchedwa SPADI. Mafunso 5 ndi a ululu: ukafika poipitsitsa, mukagonera mbali imeneyo, mukamatenga chinthu chili pamwamba, mukamagwira kumbuyo kwa khosi, mukamakankha chinthu. Ena 8 ndi a ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kusamba m'mutu, kudzitsuka kumsana, kuvala malaya, kuvala buluku, kutulutsa kanthu m'thumba lakumbuyo. Masiku ano wodwala amasankha nambala kuyambira 0 mpaka 10 pa funso lililonse, kenako zonse amaziwerengera pa 100. Nambala ikakwera, ndiye kuti phewa lavuta kwambiri.

Mafunsowa analembedwa m'Chingerezi, pomwe ku Iran anthu ambiri amalankhula Chiperisiya, chimene eni ake amachitcha Farsi, ndipo amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Madokotala a mafupa a pa yunivesite ya zachipatala mumzinda wa Mashhad, a Ebrahimzadeh ndi anzawo, anawamasulira n'kuwayesa pa odwala, ndipo mu 2015 anasindikiza zimene anapeza: mafunsowo akugwira ntchito m'chilankhulo chawo.

Pamenepa mundimvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kumasulira kokha sikukwanira. Ntchito yotere ili ndi ndondomeko yake, imene a Beaton ndi anzawo anailemba mu 2000. Anthu awiri amamasulira, aliyense payekha. Akagwirizana, anthu ena amene sanaonepo pepala loyambalo amabwezera mawuwo m'Chingerezi, kuti aone ngati tanthauzo latayika panjira. Kenako akatswiri amakhala pansi n'kupenda funso ndi funso. Mwachitsanzo, funso lina limanena za kunyamula katundu wolemera mapaundi 10, koma ku Iran amayeza m'makilogalamu, ndiye wodwala ayenera kudziwa kuti akunena pafupifupi makilogalamu 4.5. Akatero amayesa pa anthu 30 kapena 40, n'kumawafunsa kuti, kodi funsoli mwalimva kuti likuti chiyani?

Ndiye pamabwera kuyesa kwenikweni. Inu alimi mukudziwa sikelo ya venda. Thumba limodzimodzi ikalipatsa kulemera kwina m'mawa, kwina masana, simungaikhulupirire. Mafunsonso chimodzimodzi. Wodwala amayankha lero, amayankhanso patapita masiku ochepa matenda asanasinthe, ndipo mayankho ayenera kuyandikana. Amaonanso ngati mafunsowo akuyendera limodzi, ndi chiwerengero chotchedwa Cronbach alpha, chimene chikafika 0.7 kapena kuposa amati zili bwino. Amawayerekezanso ndi mafunso ena odalirika kale. Ku Iran anali ndi mwayi, poti mafunso 30 a mkono wonse otchedwa DASH analipo kale m'Chiperisiya kuyambira 2008.

Ine ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu kwambiri. Funso likamasuliridwa molakwika, dokotala aganiza kuti mukuchira pomwe simukuchira, kapena apitiriza mankhwala amene sakukuthandizani.

Kuno kwathu ntchito yofanana inachitikapo. Mu 2017 magazini ya Malawi Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa a Chokotho ndi anzawo, amene anayesa mafunso ofunsa za thanzi la munthu, otchedwa EQ-5D, m'Chichewa pa anthu akuluakulu ovulala mafupa. Choncho ena a inu mudzakumana nalo pepala lotere kuchipatala, makamaka a matenda a shuga, poti phewa louma, lokanika kukweza, limawagwira kawirikawiri kuposa ena.

Mukalipatsidwa, amayi, musamachepetse ululu pofuna kuoneka olimba mtima. Abambo, musaukuze poganiza kuti mulandira thandizo msanga. Ngati simuwerenga, anamwino akuwerengereni, koma nambalayo mutchule nokha, asakuyankhireni mwana kapena amene wakuperekezani. Mukadzabwerera mwezi wamawa adzakufunsaninso mafunso omwewo, ndipo adzayerekeza ndi nambala imene munatchula ulendo woyamba.