Mwana wosacheuka akaitanidwa dzina

Mawu amene namwino wa ana anayankhula pa msonkhano wa makolo m'mudzi wina wa m'mbali mwa Likangala, ku Zomba

Zikomo a gulupu potipatsa bwalo. Mafumu, abusa, mashehe, alezi a ku mkombaphala, amayi ndi abambo, ndakuonani nonse. Inu muli kumbuyoko senderani kuno, mthunzi ulipo, ine mawu anga safika patali.

Nkhani imene yatisonkhanitsa mukuidziwa kale. Sabata yathayi kamwana ka zaka zinayi kanachoka pakhomo m'mawa, mayi ake akutsuka mbale, n'kukapezeka madzulo m'mphepete mwa Likangala katakhala pamwala, kakumenya madzi ndi kamtengo. Anthu anafuula dzina lake tsiku lonse. Ena anadutsa chapafupi pomwepo, koma iko duu, osayankha. Mwayi wake mvula sinayambe. Ukanakhala mwezi wa February, mtsinje uja utadzaza, bwenzi lero tili pa siwa. Dzina sinditchula, ndipo inunso musamalozerane ndi milomo, ndikukuonani.

Chimene chandibweretsa ndi zimene zinayankhulidwa usiku wake. Ena akuti mwanayo anatengedwa m'matsenga. Ena akuti bambo ake anamukhwimira kuti okala yawo iziyenda bwino. Ena mpaka anayamba kutchula agogo ake, munthu woti anamubereka kumsana mwanayo kuyambira ali wakhanda. A gulupu andithandiza apa: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1911 ndipo silinafufutidwe. Koma ine si wapolisi. Ine ndabwera kudzafunsa funso limodzi: mwana ameneyu anayamba liti kusayankha dzina lake? Sanayambe sabata yatha. Anayamba kalekale, tonse tikuona, tonse tili chete.

Za mwana ujayo zili m'manja mwa makolo ake ndi madokotala, sitikambirana pagulu. Ine ndikamba za vuto lina limene limaoneka chonchi mwa ana ambiri, limene kuchipatala timalitchula kuti autism. Mwana amabadwa nalo. Ubongo wake umakula mwa njira yakeyake, makamaka pa nkhani ya kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu. Silopatsirana. Si tsempho, si kuti mayi anathira mchere nthawi yolakwika, si mkaka wa m'mawere, si kuti makolo anamulera molekerera. Mbali yaikulu imachokera ku mtundu, kwa bambo kapena kwa mayi, choncho abambo musathamangire kunena kuti zachokera kuchikazi. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, ananena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali nalo, ndipo limapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Werengani ana a m'midzi ya a gulupu anowa, muona kuti si nkhani ya nyumba imodzi. Komanso si zachilendo zobwera ndi mafoni. Dokotala wina, Leo Kanner, analemba za ana 11 otere ku Baltimore, ku America, mu 1943.

Tsono mwana akapanda kucheuka mukamuitana dzina, musadikire. Bwerani naye ku sikelo mudzatiuze. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka mutope nane.

Tiyeni tione pakhomo penipeni. Mwana wa chaka chimodzi, iwe uli kuseri kwake ukusenda mbatata, ukamuitana dzina amacheuka. Mwina osati nthawi zonse, akatanganidwa ndi chidole amakunyalanyaza, koma kawirikawiri amacheuka. Tsono pali mwana wina woti umuitane kasanu, osacheuka, koma ungokhudza pepala la bisiketi kuchipinda, wafika kale. Makutu akumva, koma dzina lake silikumukoka.

China ndi chala. Ndege ikadutsa m'mwambamu mwaonapo zimene ana amachita. Kamwana ka chaka ndi theka kamaloza kumwamba, kenako n'kutembenuka kukuyang'ana kumaso, kufuna kuti nawenso uione. Sikakupempha kanthu, kakungofuna musangalalire limodzi. Kuyang'ana kobwerera kwa mayi kumeneko ndi kumene ife timafuna. Mwana wa autism nthawi zambiri sachita zimenezi. Akafuna madzi amagwira dzanja lako, kukukokera pa ndowa, kuika dzanja lakolo pa chivundikiro, maso ake ali pa ndowa, osati pa iwe.

Ndiye masanje. Ana a zaka ziwiri amaphika nsima ya dothi, amabereka chitsononkho kumsana n'kumachitonthoza. Mwana winayu amatola zitsekerero za mabotolo n'kuzindandalika mzere wowongoka bwinobwino, usunthe chimodzi, kulira kwake mpaka anansi kubwera. Umupatse galimoto ya mawaya, sayendetsa, amaitembenuza n'kumazunguza tayala limodzi ola lathunthu. Mukadutsa naye pa chigayo amatseka makutu n'kukuwa. Wina amakupiza manja akasangalala, wina amayenda chonyang'ama. Wina amayankhula ndithu, koma ukamufunsa kuti "Ukufuna phala?" nayenso amati "Ukufuna phala?" Ndipo pali wina amene anayamba bwino, ankati "mama", ankati "bayi", kenako chapakati pa chaka ndi theka ndi zaka ziwiri mawu aja n'kuzimiririka. Mwana akataya mawu amene anali nawo, tsiku lomwelo nyamukani.

Chizindikiro chimodzi chokha sichitanthauza kuti mwana ali ndi autism, ayi. Koma zikaonekera ziwiri zitatu, musadikire, bwerani mudzatiuze.

Pano ndikudzudzuleni pang'ono, musakwiye. Mwana wotere timamuyamikira. "Uyu ndiye mwana wabwino, savuta, ukamukhazika pamphasa umamupeza pomwepo." Mayi wina kumene ndinkagwira ntchito kale ankanyadira chonchi, ankapita kudimba n'kubwerera mwana ali pamalo omwewo akusefa mchenga m'zala. Anadzabwera naye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, aphunzitsi atamubweza ku sitandade 1 kuti sakumva malangizo. Ndinamufunsa kuti munayamba kudabwa liti, anati asanakwane zaka ziwiri, koma apongozi anati anyamata amachedwa, bambo akenso anachedwa. Zoona, ana ena amachedwa kuyankhula n'kudzakhala alongolodzi. Koma mwana wongochedwa kuyankhula amaloza, amakuyang'ana m'maso, amakubweretsera chimene watola kuti uone. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Komanso ku sikelo. Mwana akangolandira katemera womaliza, ambiri mumasowa. Buku la kuchipatala limakagona pansi pa matilesi. Sikelo ndi ya ana mpaka zaka zisanu, amayi. Ndipo ifeyo tikamupachika pa sikelo paja timaona makilogalamu okha, ndi mzere wa m'buku ngati ukukwera. Ndi mphindi zochepa, mwana akulira, kumbuyo kuli mzere wautali. Sitingaone ngati amasewera masanje. Amene mumadziwa ndinu: amayi, agogo, azakhali, mlezi wa ku mmera mpoyamba amene amakhala ndi ana makumi atatu n'kuona kuti mmodzi nthawi zonse ali payekha kukhoma. Abambo, inunso. Ndikuthokoza amene mwabweranu, koma ku sikelo sindikuonani.

(Apa bambo wina wachikulire anaimika dzanja: "Pepani amayi anamwino, ndidule. Mdzukulu wanga anali bwinobwino, ankayankhula. Atangobayidwa katemera wa chikuku wachiwiri uja, basi anasiya. Ndiye ana anga anamva pa WhatsApp kuti ndi katemerayo. Inu mukuti bwanji?")

Zikomo agogo, mwafunsa m'malo mwa anthu ambiri amene akungong'ung'udza chamumtima. Khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino, chifukwa zimene munaona ndi maso anu sindikuzitsutsa. Mwana anasiyadi kuyankhula, ndipo zinachitikadi pambuyo pa katemera. Koma taonani nthawi yake. Kuno kwathu katemera wa chikuku timabaya pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Ndipo ndanena kale kuti zizindikiro za autism zimayamba kuonekera poyera mwana akamayandikira chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri, nthawi imene timayembekezera kuti ayambe kulumikiza mawu ndi kusewera ndi anzake. Zinthu ziwirizi zimangokumana pa msinkhu umodzi. Mango akamapsa mvula imayamba, chaka ndi chaka, koma si mango amene amagwetsa mvula.

Mphekesera imeneyi ili ndi kumene inachokera. Mu 1998 dokotala wina wa ku England, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet za ana 12 okha, n'kuchititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism. Atafufuza anapeza kuti kafukufuku wakeyo anali wachinyengo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo iye analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala. Pambuyo pake anthu afufuza mobwerezabwereza. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zinatuluka mu 2019: obayidwa ndi osabayidwa, autism inkapezeka mofanana. Koma bodza lija likuyendabe, lafika mpaka m'mafoni a ana anu kuno ku Zomba.

Ndipo agogo, chikuku inu mukuchidziwa kuposa ine. Mu 2010 momwemo chinabuka m'dziko muno, anthu oposa 100,000 anadwala, ena mazana anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Chikuku chimatha kuchititsa mwana khungu, kumugonthetsa, ngakhale kuwononga ubongo umene tikuuteteza lerowu. Choncho azing'ono ake a mdzukulu wanuyo abayitseni ndithu. Ndipo iyeyo mubwere naye. Ali ndi zaka zingati pano? Zitatu? Sizinachedwe. Tikamaliza pano tionane pambali.

Ndiye tikamati kuyeza, musaganize za jakisoni kapena kutenga magazi. Ndi mafunso. Pali ndandanda ina yotchedwa M-CHAT-R, ya mafunso 20, ya ana a miyezi 16 mpaka 30, ndipo oyankha ndinu makolo, eya kapena ayi. Kodi mukaloza chinthu patali amayang'ana kumeneko? Kodi amakubweretserani zinthu kudzakuonetsani? Kodi mukamumwetulira amabwezera? Madokotala a ana a ku America amalangiza kuti mwana aliyense afunsidwe mafunso otere pa miyezi 18 ndi 24. Kuno kwathu tilinso ndi chida chathu choonera kakulidwe ka mwana, MDAT, chimene chinakonzedwa ndi ana a m'midzi ya ku Malawi konkuno n'kusindikizidwa mu 2010. Mafunsowa sagamula kuti mwana ali ndi autism. Amangotiuza kuti uyu akaonedwe bwino ndi akatswiri. Choyamba timafuna makutu ayezedwe, chifukwa mwana amene anatuluka mafinya m'khutu nthawi yaitali, kapena anadwalapo malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, nayenso akhoza kusacheuka. Mwina tikutumizani ku Zomba Central, mwina mpaka ku Queens ku Blantyre. Ndipo ndikudziwa, ife a ku Zomba tikangomva mawu oti ubongo timaganiza za ku Mental. Autism si misala, ndipo palibe amene akulandeni mwana n'kukamutsekera.

Mankhwala ochiza autism kulibe. Wina akakuuzani kuti bweretsani mbuzi, kapena gulani botolo lakuti, ndalama zanu zapita. Chimene chilipo ndi kuphunzitsa mwana ndi kuphunzitsa makolo, ndipo zimagwira bwino zikayamba msanga, chifukwa ubongo umakula mofulumira kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira. Ena amadzayankhula, ena amaphunzira kuloza kapena kugwiritsa ntchito zithunzi, ena amafika patali ndi sukulu. Ena amafunika chithandizo moyo wonse, sindikunamizani.

Ndaona amayi ena ayamba kumanga ana kumsana, dzuwa lakwera, ndithamange. Lero lomwe mukafika kunyumba, imani kumbuyo kwa mwana, muitaneni dzina, yesani masiku angapo. Lozani nkhuku, muone ngati atsatira chala. Mukakayika uzani alangizi a zaumoyo a m'mudzi muno, kapena bwerani ku sikelo ndi buku lake, ndipo munene nokha, musadikire kuti tikufunseni. Amene muli ndi foni ya kamera jambulani kavidiyo akamasewera, kamatithandiza kwambiri. Akamagwa khunyu munene, chifukwa ena amakhala nazo zonse ziwiri ndipo khunyu lili ndi mankhwala. Sewerani naye maso ndi maso, mawu afupiafupi, tsatirani chimene iye akukonda. Musamumenye, musamumange chingwe, musamutsekere m'nyumba mukamapita kumunda. Anansi adziwe kuti mwana uyu amayendayenda ndipo sayankha akaitanidwa. Akasowa, yambirani kumtsinje ndi kuzitsime, ndipo zitsime zosavundikira zija a mfumu mutithandize. Alezi, mwana wotere musamubweze. Msinkhu wa sukulu ukakwana kafunseni za aphunzitsi a maphunziro apadera, amene amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu.

Mwana akapanda kucheuka, musadikire. Sikelo ya kuno ndi Lachiwiri likubwerali, tiyamba 8 koloko. Amene simukufuna kuyankhula pagulu, alangizi ali apo ndi kope, lembetsani dzina la mudzi lokha, tidzakupezani kunyumba. Agogo aja musachoke. A gulupu, ndabweza bwalo.