Zatsopano mu N.I.N.A. ndi SharpCap, komanso bodza la mphindi 10

Moni nonse okonda thambo. Musachoke msanga, chifukwa lero ndikusonyezani ndi masamu kuti ma exposure (nthawi imene kamera imatolera kuwala pa chithunzi chimodzi) a mphindi 10 aja ambiri a inu simukuwafunikira. Koma tiyambe ndi zinthu zinayi zimene mapulogalamu ojambulira thambo abweretsa zaka zaposachedwapa.

Kwa amene mwangoyamba kumene, mwachangu: pulogalamu yojambulira thambo ndi imene imalamula kamera, mount (chonyamula telesikopu chimene chimazungulira motsatira nyenyezi) ndi focuser (chowongolera focus) kuchokera pa laputopu. Imajambula chinthu chimodzi kambirimbiri, m'mawa inu n'kuphatikiza zithunzizo kukhala chimodzi. N.I.N.A. ndi yaulere, ya pa Windows, ndipo 3.0 inatuluka mu 2024. SharpCap ili ndi gawo laulere ndi la Pro lolipira pachaka. ZWO ali ndi kabokosi kawo ka ASIAIR, a Linux ali ndi Ekos. Basi, tiyeni.

Choyamba, polar alignment popanda kuiona pole. Uku ndi kulozetsa mount ku pole, malo a kuthambo amene nyenyezi zonse zimaoneka ngati zikuwazungulira. Anzathu a kumpoto ali ndi Polaris yowala bwino. Kuno kummwera tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi koti ngakhale kumudzi mumachita kutong'ola maso. Ku Lilongwe pole ili madigiri pafupifupi 14 okha kuchokera pansi, ndiye kuti ili kuseri kwa mtengo wa mango kapena mpanda wa aneba. Mu N.I.N.A. ikani plugin yotchedwa Three Point Polar Alignment. Imajambula pamalo amodzi, n'kuzunguza mount pa RA (mbali yake imene imazungulira motsatira nyenyezi), kujambulanso, kuzunguzanso, kujambula kachitatu. Chithunzi chilichonse imachiyerekeza ndi mapu a nyenyezi kudzera mu pulogalamu ina yotchedwa ASTAP, kenako n'kukuuzani kuti pindani chotsegulira cha altitude (chokweza ndi kutsitsa mount) mwakuti, cha azimuth (cha kumanja ndi kumanzere) mwakuti. Ikakana, zifukwa zake n'ziwiri pafupifupi nthawi zonse. Mwina focal length ya telesikopu mwalemba yolakwika, makamaka amene muli ndi reducer (galasi loifupikitsa), ndiye ASTAP sakuzindikira nyenyezi. Apo ayi mwaiwala kachizindikiro kochotsera pa latitude. Blantyre ndi -15.8. Mukalemba 15.8 pulogalamu iganiza kuti muli ku Sudan. Kuphonya kukafika pansi pa ma arcminute awiri (arcminute ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri) ndipo muli ndi guiding (kakamera kachiwiri kolondola nyenyezi kuti mount isasochere), lekani, musakongoletse nambala usiku ukupita.

Chachiwiri, Advanced Sequencer. Inabwera ndi N.I.N.A. 2.0 mu 2022. Mumaika malamulo: kutentha kukasintha madigiri awiri, konzanso focus, nyenyezi zikafufuma ndi 10 peresenti, konzanso focus, chinthu chikadutsa meridian (mzere wa kuthambo wodutsa pamwamba pa mutu kuchokera kumpoto kupita kummwera), tembenuza mount, kukayamba kucha, tenthetsa kamera pang'onopang'ono n'kuimika mount. Inu kukagona. Vidiyo yonse ya sequencer ili pakona apo, dinani mukamaliza ino.

Chachitatu, PHD2, pulogalamu ya guiding, tsopano imalondola nyenyezi zingapo nthawi imodzi m'malo mwa imodzi. Chongani kabokosi ka multiple stars, mwatha.

Chachinayi ndi Smart Histogram ya SharpCap Pro, imene imayeza thambo lanu ndi kukuuzani kutalika kwa exposure. Si yatsopano kwenikweni, koma anthu amaidumpha, ndipo ndi imene ikutifikitsa pa nkhani imene imandipweteka mutu.

Pitani m'gulu lililonse la ojambula thambo, munthu akaika chithunzi chodzaza timadontho ngati mchenga, wina amayankha pomwepo: “Talikitsani exposure, achimwene, masekondi 60 ndi masewera.” Bodza! Kapena tinene kuti chinali choona kale, pa makamera a kale.

Tamverani bwino. Timadontho tija timachokera mbali ziwiri zazikulu. Ina ndi kamera yeniyeniyo: nthawi iliyonse ikawerenga chithunzi imawonjezera kachisokonezo kake, read noise. Ina ndi thambo: kuwala kwa magetsi a m'tauni, mwezi, utsi wa moto wa tchire wa mu Seputembala. Read noise mumailipira kamodzi pa chithunzi chilichonse, chikhale chachifupi kapena chachitali. Chisokonezo cha thambo chimakula ndi nthawi. Ndiye cholinga cha exposure yaitali n'chimodzi chokha, kuti chisokonezo cha thambo chimize cha kamera. Chikamiza, kutalikitsa sikukupatsaninso kanthu kooneka.

Robin Glover, amene analemba SharpCap, anafotokoza masamu ake mosavuta. Tengani read noise, muichulukitse ndi iyo yomwe, muchulukitsenso ndi 10, kenako mugawe ndi maelekitironi (muyezo wa kuwala kumene kamera yalandira) amene thambo likuthira pa pixel imodzi pa sekondi. Yankho lake ndi masekondi amene akukusiyani ndi chisokonezo choposa cha kamera yangwiro ndi 5 peresenti yokha.

[Pa sikirini: masamu]

Kamera yakale ya CCD, ya sensa ya KAF-8300, read noise yake inali cha m'ma 8. 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64, kuchulukitsa ndi 10 ndi 640. Tiyerekeze kuti thambo lanu likuthira maelekitironi awiri pa sekondi. Yankho: masekondi 320, mphindi zisanu ndi kakusefukira. Apa ndi pamene mwambo uja unabadwira, ndipo amene anauyambitsa sanalakwe.

Tsopano kamera ya masiku ano, ASI2600 pa gain 100 (gain ndi mlingo umene kamera imakulitsira kuwala kumene yalandira), read noise yake ili cha pa 1.5. Kuchulukitsa ndi iyo yomwe ndi 2.25, ndi 10 ndi 22.5. Thambo lomwe lija: masekondi 11. Khumi ndi imodzi, abale! Ngakhale mupite kumalo amdima weniweni kumene thambo likuthira 0.2 yokha, yankho ndi masekondi 112, osakwana mphindi ziwiri. Ndiye mphindi 10 zija mukuzitenga kuti?

Ndipo si zoti zilibe vuto. Mphepo ikagwedeza telesikopu kwa sekondi imodzi, pa exposure ya mphindi 10 mwataya mphindi 10. Pa ya mphindi imodzi mwataya imodzi. Kamtambo kakadutsa, chimodzimodzi. Nyenyezi zowala zimadzaza ma pixel mpaka kusefukira, mtundu wake n'kufufutika, zonse n'kusanduka timabwalo toyera. Jambulani Carina Nebula kapena pakati pa Omega Centauri ndi mphindi 10 muone kupsa kwake. Mizere ya ma satelayiti nayo imachoka bwino pophatikiza mukakhala ndi zithunzi 200 kusiyana ndi 20.

Chimene chimayeretsa chithunzi ndi nthawi yonse mukaiwonkhetsa. Kuti timadontho tichepe ndi theka, mufunika nthawi yochuluka kanayi: ola limodzi lisanduke anayi, anayi asanduke 16. Lembani mu ma comment kuti inu mumajambula masekondi angati, ndipo ngati masamuwa akupsetsani mtima, dinani like, kenako tikangane bwinobwino.

Ndisakunamizeni, pali pamene exposure yaitali imafunikadi. Mukaika fyuluta ya narrowband, yolola kachigawo kochepa kokha ka kuwala kudutsa, monga H-alpha ya 3 nm, kuwala kwa thambo kumatsika kwambiri. Tinene 0.03 pa sekondi: 22.5 kugawa ndi 0.03 ndi masekondi 750. Pamenepo mphindi 10 n'zomveka. Komanso musathamangire masekondi 11 aja. Fayilo imodzi ya ASI2600 ndi pafupifupi 52 MB. Maola anayi pa masekondi 30 ndi mafayilo 480, pafupifupi 25 GB usiku umodzi, ndipo laputopu yanu idzalira pophatikiza. Pa masekondi 120 ndi mafayilo 120, 6 GB ndi pang'ono. Popanda narrowband, ambiri a inu pakati pa 60 ndi 180 mpabwino.

Musachite kulota nambala. Mu SharpCap yendetsani Sensor Analysis kamodzi masana, kamera italoza pepala loyera lowala mofanana ponse. Usiku lozani pamene mukufuna kujambula, dinani kachithunzi ka ubongo pa histogram, iyeze thambo lanu, ikuuzani gain ndi masekondi. Mwezi ukatuluka kapena mukasintha fyuluta, yezaninso.

Sabata ya mawa ndi ma flat, zithunzi za kuwala kofanana ponse zochotsera zizindikiro za fumbi, ndi chifukwa chake timabwalo ta fumbi tikubwererabe ngakhale mwagwiritsa ntchito Flat Wizard. Dinani subscribe ndi kabelu kaja kuti isakudutseni.