Musanamasule bawuti yoyamba pa galimoto yangozi

Zikomo a mfumu pondipatsa mpata. Makolo anga, amayi ndi abambo, ndakuonani nonse. Inu achinyamata mwaima kumbuyoko, senderani kuno pafupi, chifukwa nkhani ya lero kwenikweni ndi yanu.

Ambiri mwaiona galimoto yofiira ija inabwera pa lole sabata yatha n'kutsitsidwa kuseri kwa nyumba yanga, kumaso kwake kutaphwanyika. Ana akungokhalira kusuzumira pampanda. Anyamata atatu andipeza kale: "Bambo, tiyamba liti kuphwasula?" Yatha masiku 6 ili pakhomo panga, koma nati imene ndamasula ndi imodzi yokha, ya pa batire. Sikuti ndatanganidwa ayi. Ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chake, kuti amene mudzabwere kudzaphunzira Loweruka mudzafike mukudziwa chimene tikuchita.

Galimotoyo ndi Toyota 86. Inayamba kugulitsidwa mu 2012, a Toyota atagwirizana ndi a Subaru, ndipo ankaipangira ku fakitale ya Subaru ku Gunma, m'dziko la Japan. N'chifukwa chake mukatsegula boneti mupeza dzina la Subaru pa zitsulo zambiri. Injini yake ndi ya malita 2, masilinda 4, koma masilindawo sanaimirire ngati a Corolla amene mwazolowera. Anagona chammbali, awiri uku, awiri uku. Amaitcha boxer. Imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo ndi yaifupi zedi, pansi pake pamangotsala masentimita pafupifupi 13. Yangayi inawomba ndi ngodya yakutsogolo kumanzere. Woyendetsa anatuluka wamoyo, tithokoze Mulungu.

Ndisanatulutse ndalama ndinayamba ndi mapepala. Nambala ya chassis ya galimoto imeneyi, ikakhala yochokera ku Japan, imayamba ndi ZN6. Ndinaiwerenga pa chitsulo penipeni, n'kuiyerekeza ndi yolembedwa mu bulubuku, chilembo ndi chilembo. Ndinafunanso lipoti la apolisi la ngoziyo ndi kalata yogulitsirana. Mukhoza kuthera miyezi ndi ndalama zankhaninkhani pa galimoto imene ku Road Traffic sadzakusinthirani umwini, mwinanso ndi yakuba. Safunsa anadya phula.

Itafika pakhomo, ndinachotsa waya wa batire. Mumayamba ndi wa negetivu, wachizindikiro chochotsera uja. Mukayamba ndi wa pozitivu, sipanala ikangokhudza thupi la galimoto pathetheka moto, ndipo pa galimoto yangozi simudziwa pamene petulo akudontha. Mukachotsa wayayo mumukulunge ndi tepi kuti asabwerere yekha pamalo pake.

Pano ndikhalitsepo, chifukwa pali chinthu chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Galimoto yochita ngozi imakhala ikadali ndi zophulika m'kati. Pa yangayi anaphulika ma airbag (zithumba zoteteza munthu pa ngozi) awiri, a pa chiwongolero ndi a kutsogolo kwa wokwera. A m'mipando ndi a m'mbali mwa denga akadali amoyo. Airbag si chibaluni chongopopa mpweya. M'kati mwake muli mankhwala amene amayaka ngati onga, ndipo chithumbacho chimadzaza m'kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso. Chinapangidwa kuti chilandire munthu amene wakhala bwino pampando atamanga lamba. Chikakupezani mutaweramira pamenepo ndi sikuludiraiva m'manja, chikuthyolani khosi. Ndipo kuchotsa batire pakokha sikokwanira, popeza kabokosi kolamulira ma airbag kamasunga magetsi pang'ono. Mabuku a Toyota pa magalimoto awo ambiri amati mudikire masekondi 90. Ine ndimapita kukamwa tiyi kaye.

Mawaya ndi mapulagi a ma airbag amakhala achikasu. Mukaona chachikasu, manja kumbuyo, mundiitane. Musayese n'komwe kuyeza airbag ndi mita yoyezera magetsi, chifukwa timagetsi tochepa ta mitayo tikhoza kuiphulitsa. Tikaichotsa timainyamula mbali yotulukira chithumba italoza kutali ndi thupi, n'kuiika pansi itayang'ana kumwamba, popanda choika pamwamba pake. Malamba a m'mipando nawonso ali ndi kophulika kawo kamene kamakoka lamba pa nthawi ya ngozi. Lamba wa woyendetsa pa galimoto yangayi wauma gwa, sakokeka, sabwerera. Ameneyo ntchito yake anaimaliza, ndi wotaya. Ndaonapo anthu akusoka pamene panaphulika, kupaka utoto, n'kuzimitsa kanyale kochenjeza kuti wogula asadziwe. Kumeneko ndi kugulitsa imfa, ndipo pagalaja panga sizidzachitika. Ngakhale ma airbag akale ogula kwa ophwasula magalimoto muziwaopa. Munamva za kampani ya Takata imene inagwa mu 2017: mankhwala a m'ma airbag awo ankawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, n'kumaphulitsa tizitsulo kumaso kwa anthu, ndipo magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanidwa kuti akasinthidwe. Ganizirani kutentha kwa ku Salima kapena ku Nsanje.

Chachiwiri chimene chimapha ndi kunyamula. Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito pagalaja ina mumzinda. Mnyamata wina, wanzeru, wolimbikira, anakweza galimoto pa jeke n'kuikira njerwa zitatu. Analowa pansi, nakoka bawuti yolimba ndi mphamvu zake zonse. Galimoto inagwedezeka, njerwa yapakati inaphwanyika ngati bisiketi. Tinamutulutsa tonse pamodzi, kunyamula galimotoyo ndi manja. Anachira, koma mkono wake wamanja mpaka lero sunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Nkhope yake tsiku limenelo sindiiwala. Njerwa, kaya yootcha kaya ya simenti, siichenjeza. Imangoti phwa. Jeke nayonso ntchito yake ndi kukweza basi, labala wa m'kati akatopa imatsika yokha. Galimoto imakhala pa masitandi achitsulo anayi, pa simenti yosalala. Ngati pabwalo panu ndi padothi, yalani matabwa ochindikala pansi pa masitandiwo. Mukatero muigwedeze ndi manja awiri mwamphamvu musanalowetse mutu, ndipo matayala amene mwachotsa muwagoneke pansi pake kuti akhale chitetezo chachiwiri. Pa 86 pali kavuto kena: jeke wamba salowa chifukwa cha kufupika kuja, ndiye timayamba taikankhira pa matabwa. Komanso malo oikapo jeke kutsogolo kumanzere apindika, sitingawadalire.

Amayi, gawo ili ndi lanunso, popeza galaja yapakhomo imakhala pamene ana amasewera ndi pamene mumaphika. Madzi a mu rediyeta, obiriwira kapena abuluu aja, amatsekemera. Galu amanyambita, mwana akhoza kulawa, koma ndi poizoni amene amawononga impso. Timawakhuthulira m'chigubu chotseka, n'kulembapo, ndipo sitiwaika m'botolo la zakumwa. Oyilo wakuda sitithira m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Petulo timamupopera m'chigubu chake, mbaula ili kutali, fodya ayi. Injini imeneyi ili ndi pampu ina imene imapanikiza petulo mwamphamvu kwambiri kuti alowe mwachindunji m'masilinda, choncho mapaipi achitsulo a pamwamba pa injini sitimasula mwachisawawa. Mpweya wa eyakoni nawo ukakuthirani pakhungu umawotcha ndi kuzizira. Pafupi pazikhala chozimitsira moto ndi ndowa ya mchenga.

Mwafunsa kuti chiyani, achimwene? Kuti masiku onsewa ndakhala ndikuchita chiyani? Ndakhala ndikuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndajambula zithunzi pa foni mbali zonse, pansi ndi pamwamba. Ndatsegula ndi kutseka zitseko kambirimbiri. Chitseko chakumanja chimatseka ndi chala chimodzi. Chakumanzere chimagwira pang'ono mmunsi, ndipo mpata wa pakati pa chitseko ndi fenda ndi wopanikizika pamwamba, wotseguka pansi. Ndayendetsa chikhatho padenga, pamwamba pa chitseko, kufuna kumva ngati pali kakhwinya. Ndayang'ana utoto m'chipinda cha injini, chifukwa pamene chitsulo chapindika utoto umasweka timizere, ndipo phula lomatira pa mfundo limang'ambika. Tayala lakutsogolo kumanzere labwerera m'mbuyo: kumanja pakati pa tayala ndi fenda ndimalowetsa zala zinayi, kumanzere ziwiri zokha. Zimenezi zikundiuza kuti nkhonya ija siinathere pa bampala. Funso ndi lakuti inafika pati.

Muyenera kumvetsa kuti galimoto zamakono anazipanga dala kuti kutsogolo kuzifwanyika. Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi injiniya wa ku Mercedes-Benz, Béla Barényi, m'zaka za m'ma 1950. Mphuno imakhwinyata n'kumeza mphamvu ya ngozi kuti chipinda chokhala anthu chisaphwanyike. Ndiye bampala, nyale, rediyeta ndi fenda zikanyenyeka, musachite mantha, zimenezo ndi zomanga ndi mabawuti. Chimene chimagamula mlandu ndi mikono iwiri yachitsulo imene imachoka pansi pa galasi lakutsogolo kupita ku bampala, komanso zitsulo zozungulira zimene mashoko amamangidwapo pamwamba. Tikachotsa zakunja zonse tidzayeza mopingasa ndi tepi: kuchoka pa bowo lakumbuyo kumanja kufika pa bowo lakutsogolo kumanzere, kenako kutembenuza. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Okonza mabodi amalola kusiyana kwa mamilimita 3 basi. Atatu okha, kuchepa kwake ngati njere ya mapira.

Ndikudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Timamanga tcheni ku mtengo wa mango, kuwotcha chitsulo ndi gasi mpaka chifiire, n'kubweza galimoto m'mbuyo kuti chiwongoke. Pamaso chimaoneka chowongoka ndithu. Koma zitsulo za galimoto ngati iyi n'zolimbitsidwa mwapadera ku fakitale, ndipo moto umazichotsa mphamvu imeneyo. Tsiku la ngozi yachiwiri sizimezanso nkhonya, zimangoipereka kwa amene ali m'kati. Iyi ndi galimoto yothamanga, imene mwini wake adzafuna kuipondereza pa msewu wa M1. Ngati kupindikako kwathera kunsonga, tidzaipititsa kwa amene ali ndi tebulo lokokera chassis, aikoke yozizira. Ngati kwafika pa chipupa cha pakati pa injini ndi anthu, sindidzaibwezeretsa pamsewu. Ndidzagulitsa injini, giyabokosi, difu (yogawira mphamvu ku matayala akumbuyo), mipando ndi zitseko pazokhapazokha, ndipo ndalama yanga idzabwerako ndithu.

N'chifukwa chake mpaka lero sindinagule chipangizo ngakhale chimodzi. Ndili wamng'ono ndinagulapo bampala, nyale ndi boneti za galimoto ina ndisanayeze, chifukwa mtima unali kale pa tsiku loiyendetsa. Titaphwasula tinapeza chassis itapindika mpaka pansi pa mapazi a woyendetsa. Ndalama imene ndinasunga chaka chathunthu inathera pomwepo, ndipo kunyumba tinavutika.

Injini nayo sitiiliza msanga, ngakhale mtima ukufunitsitsa kumva kulira kwake. Pa boxer, chivundikiro cha tcheni ya m'kati mwa injini chili kutsogolo, kuseri kwa rediyeta, ndipo ndi cha aluminiyamu, chimasweka. Tidzayang'ana ming'alu pamenepo ndi pa sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Tidzakhuthula oyilo n'kumuunika padzuwa, ngati muli tonyezimira tachitsulo kapena waoneka ngati tiyi wamkaka. Kenako tidzazungulitsa injini ndi dzanja pa bawuti ya pule yaikulu, kawiri kathunthu, tikumvetsera ngati pali pogwira.

Za kasungidwe sindichulutsa mawu. Bawuti iliyonse ikachoka imalowa m'kajumbo kapena m'kachitini, n'kulembapo pamene yachokera. Pulagi iliyonse ya waya timaimata tepi yolembedwa mbali zonse ziwiri, ndipo timajambula tisanachotse. Lero mukuona ngati mudzakumbukira, koma zipangizo zochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe zimatenga miyezi, ndipo mvula ikadzayamba mudzakhala mutaiwala. Zophwanyika musataye, ndi zimene mudzayerekezere ndi zatsopano, ndiponso pamakhala timabulaketi timene sitibwera ndi chipangizo chatsopano. Masipanala a 10, 12, 14, 17 ndi 19 ndi amene agwire ntchito yambiri. Nati yapakati pamwamba pa shoko musaikhudze popanda chopanira sipuling'i, imauluka ngati chipolopolo.

Poitanitsa zipangizo mudzasamale zinthu ziwiri. Galimoto yomweyi ku America inkagulitsidwa ndi dzina lakuti Scion FR-S, ndipo chiwongolero chake chili kumanzere, ndiye nyale, dashibodi ndi chitsulo chokhotetsera matayala za kumeneko sizitithandiza. Za ku Japan ndi ku South Africa ndiye zathu. Chinanso, mu 2016 anasintha maonekedwe a kutsogolo, choncho bampala ndi nyale za isanafike nthawiyo n'zosiyana ndi zapambuyo pake. Muzitumiza nambala ya chassis kwa wogulitsa nthawi zonse.

Loweruka tiyamba 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Ndikutenga achinyamata 6, ndipo atsikana musadziderere, malo ndi anunso. Mubwere ndi kope, cholembera ndi nsapato zotseka, za patapata ndikubwezani. Makolo, ana aang'ono tsiku limenelo asadutse mpanda. Tidzayamba ndi kukweza galimoto pa masitandi, kenako bampala, nyale ndi fenda yakumanzere, ndipo tikafika pa mikono ija aliyense adzagwira tepi ndi kulemba muyeso wake m'kope. Zikomo a mfumu, ngati alipo a mafunso ndilipo.