Banja linazizira kalekale, nanga penshoni ija idya ndani?

A gulupu, a nyakwawa, amayi ndi abambo nonse, zikomo pondipatsa mpata. Kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino. Lero tikambe za penshoni, makamaka pa mabanja aja oti anthu anasiyana kalekale, bambo ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa ntchito, mayi ali kuno ku Ntcheu ndi ana, zaka teni zadutsa osaonana koma ku khoti sanapiteko.

Mvetsetsani apa. Kusiyana nyumba sikuthetsa ukwati. Kaya bambo anatenga chikwama usiku, kaya ankhoswa anakhala pansi nkulephera, kaya kutauniko alowana ndi wina mpaka ana awiri, ukwati umene khoti silinathetse pamalamulo udakalipo. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wongolowana ngati mwakhala limodzi zaka zosachepera 5 ndipo khoti latsimikiza. Ndiye musamati ife tinalibe mphete, ayi, muli momo. Wa chinkhoswe umatha kwa majisitireti pa boma pompa.

Tsopano ndalamayo imachokera kuti? Lamulo la penshoni linayamba mu 2011, ndipo pano wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, bwana nkuikapo 10 peresenti. Tiyerekeze munthu wolandira K200,000. Iye K10,000, kampani K20,000, pamodzi K30,000 mwezi uliwonse, pachaka K360,000, tisanawerengere phindu lomwe imabereka kumene ikusungidwako. Zaka twente zimenezo ndi mamiliyoni abale anga, nthawi zina kuposa nyumba ya malata ndi ng'ombe zomwe mumakanganirana zija. Koma poti siioneka ndi maso, anthu pogawana katundu amalimbana za mipando, wailesi, njinga, mpaka mapoto, chinthu chachikulu nkuchisiya osachitchula nkomwe.

A bambo apo akuti ndi thukuta lawo. Eya bambo, thukuta ndi lanu, palibe akukana, dzina pa fomu ndi lanu. Koma pamene inu munkalawira ku ntchito, kudimba kunkapita ndani? Mbatatesi ndi kabichi zokagulitsa pa Lizulu kapena pa Tsangano zija, zimene zinkagula sopo ndi yunifolomu mwezi ukakhala pakati, ankasenza ndani? Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 24, amati banja likatha mayi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo choyenera. Ndipo lamulo la 2015 lija limauza khoti kuti pogawa liyang'ane zimene aliyense anasonkhapo, zooneka ndi zosaoneka, ntchito zapakhomo zili momwemo, kuphika, kulera, kudwazika. Liyang'anenso zomwe aliyense amapeza, ngongole zake, msinkhu ndi thanzi lake. Izi sizikondera amayi okha, ngati ogwira ntchito anali mayi, namwino kapena mphunzitsi, bambo nayenso angathe kufunsa.

Koma amayi musaombe m'manja msanga, pamene pavuta ndi apa. Lamulo silinanene kuti hafu hafu, linati mwachilungamo. Tiyerekeze bambo wagwira ntchito zaka 25, mwa zimenezo 15 munali limodzi, 10 zomalizazi aliyense kwake. Zaka 15 zija mlandu wanu ndi wolimba. Koma pa zaka 10 zomalizazo mbali inayo idzanena kuti mayiwa sanaikepo kanthu, sankandichapira, sankandiphikira, ndalama imeneyi ndasonkha ndekha kapena ndi mkazi winayu, ndipo kunena zoona mfundo imeneyo si yopusa. Yankho lake lili pa ana. Ngati zaka khumi zonsezo ana anayi amadya kwa inu, fizi ya sekondale mumathamanga nayo nokha mpaka ngongole ku banki m'khonde, bambo osatumizako olo ya mchere, ndiye kuti ndalama imene iwo amayenera kuwononga pa ana inatsala m'thumba mwawo chifukwa cha inu. Zimenezo zinenedwe pamaso pa khoti, ndipo zisanenedwe ndi misozi yokha. Malisiti a fizi, kabuku ka kuchipatala, mamesegi a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti anatumiza liti, analeka liti, ankhoswa oti akachitire umboni chaka chimene munasiyana. Ine ndimadabwa, mayi amasunga khadi la sikelo la mwana woti pano ali ndi ndevu, koma lisiti la K80,000 ya fizi anayatsira mbaula.

Chinanso ndi nthawi. Ndalama ya penshoni ikakhala kosungidwako simungangopita ku kampani nkukati ndine mkazi wake ndipatseni, sakupatsani, amamvera lamulo ndi khoti basi. Koma tsiku lopuma likafika, lamulo latsopano la 2023 limalola munthu kutenga mpaka theka la ndalamazo kamodzi, zotsalazo nkumalandira pamwezi. Theka limenelo likalowa mu akaunti mukudziwa nokha, minibasi yagulidwa m'dzina la achimwene awo, puloti m'dzina la mayi winayo, pofika inu kwa majisitireti mwatsala mpweya. Ndiye ngati mukudziwa kuti banjalo kulibe ndipo mnzanuyo watsala pang'ono kupuma, kayambitseni nkhani pano, ndipo penshoniyo muitchule ndi pakamwa panu, dzina la kampani imene amagwirako, chaka chimene anayamba. Ngati ya loya palibe, a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi imeneyo.

Abambo inunso kukhala chete sikukupindulirani. Pali fomu ija munalemba poyamba ntchito, yotchula odzalandira ndalama mukadzamwalira. Ambiri munalemba mayi oyamba ndi ana awo, simunaibwererenso, pano muli ndi ana ena atatu amene pa fomupo palibe. Mawa lino mukagwa, osunga penshoni adzayamba kuyang'ana pepala limenelo, osati zimene munkanena pa bawo, ndipo amayi awiri adzakumana pa ofesi aliyense ndi kalata ya amfumu ake. Lolemba likudzali pitani kwa amene amasunga mafayilo a antchito, mukapemphe fomuyo muione, ana onse alembedwepo, a kuno ndi a kutauni omwe.