Mabiti a kwaya ndi madola a pafoni: mmene ndimagulitsira nyimbo kuno ku Cape Town

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera. A ku Joni, a ku Mangalande, a ku Ireland, ndi inu a kumudzi amene mwadzimana bandulo kuti mumve mawu anga, zikomo kwambiri. Mukamva chiphokoso kumbuyoku musadabwe, ndi mphepo ya kuno ku Cape Town ikumenya malata. Ikayamba nyengo ino sidziwa kupuma. Ndapachika bulangete pazenera koma yakana.

Sabata yatha ndinangotchula mongodutsa kuti lendi ya mwezi uno ndalipira ndi ndalama za mabiti, zimene zinabwera pa crypto, ndalama zija za pa intaneti. Eee, mauthenga ake! Wina akuti, achimwene mwalowa zija za anyamata a forex? Mayi wina anachita kunditumizira vesi. Ndiye lero khalani pansi ndikuuzeni mutu ndi mchira wake.

Ine ndinabwera kuno mu 2017, pa basi, njira yomwe ambirife tinadzera: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Mkati mwa sabata ndimagwira m'magadeni cha ku Constantia, Lamlungu ndimaimba kiyibodi kutchalitchi chathu chomwe chimasonkhana mu holo ya sukulu. Lockdown itayamba kumapeto kwa March 2020, maganyu onse anaima. Ndinatsala ndi kiyibodi, laputopu yakale yomwe abwana ena anati ndikataye, ndi nthawi yambirimbiri. Ndinayamba kupanga mabiti a nyimbo za kwaya, aja oti gulu lingoika pa sipika n'kumaimba pamwamba popanda woimba zida. Ndinkangoponya tizidutswa pa Facebook kuti ndisapenge ndi kukhala.

Kasitomala woyamba anali mayi wina wa ku Leeds, wotsogolera kwaya ya amayi. Anati kwawoko alibe wa kiyibodi, ndiwapangire nyimbo zinayi. Ndinapanga. Kenako anafunsa funso lomwe linandiumitsa pakamwa: ndalama titumize kuti?

Inu a kuno mukudziwa. Kutsegula akaunti kubanki amafuna pasipoti, pemiti yoti ikugwira ntchito, ndi kalata yosonyeza kumene ukukhala. Mapepala anga nthawi imeneyo anali m'njira, tingotero. Ndipo makampani otumiza ndalama omwe tinawazolowera tinkawadziwa mbali imodzi, kuchotsa ndalama kuno kupita kumudzi. Ndiye ndinawauza mayiwo kuti atumize pa Airtel Money ya amayi anga ku Balaka. Anatumizadi. Ndalamazo sindinazione n'tambala yomwe. Zinafika tsiku lomwe kunali maliro a asuweni, zotsala zinalowa kufeteleza. Ndikanati chiyani? Ndalama ikafika m'manja mwa kholo siibwereranso, ndipo kuifunsa ndi mwano.

Amene ananditsegula maso ndi mnyamata wa ku Zimbabwe yemwe tinkadula naye mitengo. Anzathu aja nkhani ya ndalama kusanduka mapepala anaiona ndi maso mu 2008, ndiye sagona tulo. Anandiikira waleti pafoni, pulogalamu yosungiramo ndalama za crypto, n'kundionetsa chinthu chotchedwa USDT. Kunena mwachidule, ndi ndalama ya pa intaneti yomwe kampani ya Tether imatulutsa, ndipo imodzi imayenda limodzi ndi dola imodzi ya ku America. Si Bitcoin. Bitcoin imakwera ndi kutsika ngati galimoto ya pamsewu wa mabampu. Mu November 2021 imodzi inafika cha m'ma 69,000 dollars, pofika November 2022 inali cha m'ma 16,000. Munthu wolipira lendi pa 1 sangasunge thukuta lake m'chinthu chotero. Ine Bitcoin ndimalandira, koma sindigona nayo.

Tsono malondawo amayenda chonchi. Nyimbo ndikaimaliza ndimatulutsa mitundu iwiri. Yoyamba ndi kachidutswa ka masekondi 40, ka MP3, komwe ndinajambuliramo mawu anga akutchula dzina langa mobwerezabwereza kuti munthu asakaimbire pa ukwati. Kameneko n'kaulere, ndiko kolawitsa, ngati mmene amayi a pamsika amakupatsira mtedza uwiri. Yachiwiri ndi fayilo yeniyeni ya WAV, ya mawu omveka bwino kuposa MP3, yomwe imakhala yotsekeredwa pa intaneti. Munthu akaifuna ndimamutumizira QR code kapena adiresi ya waleti. Akalipira ndimamupatsa linki yomwe imafa pakatha maola 24. Biti imodzi ndimachita madola 10. Poyamba zonsezi ndinkachita pamanja, usiku, maso ali psuu. Pano pali mnzanga wodziwa makompyuta yemwe anandilumikizira pulogalamu yaulere yotchedwa BTCPay Server, moti wolipira ndi Bitcoin kudzera pa Lightning, njira yachangu yotumizira Bitcoin, amaona linki ikutseguka yokha m'timasekondi, ine ndili pamwamba pa mtengo ku Constantia. Tsiku loyamba foni kulira m'thumba ndili ndi sowo m'manja, n'kupeza kuti munthu wa ku Kitwe wagula nyimbo popanda kundipatsa ngakhale moni, ndinatsika mumtengomo n'kukhala pansi kaye.

Koma musaone ngati zinangoyenda myaa. Sukulu yake ndinalipira.

Choyamba, skrinishoti. Bambo wina, wolankhula mwaulemu, wodzitchula mtumiki, anatumiza chithunzi chosonyeza kuti walipira nyimbo zisanu. Anati akuthamangira ku pulakatisi, ndimuthandize msanga. Ndinatumiza mafayilo. Ndalama mpaka lero. Chithunzicho anachita kuchikonza. Chopweteka n'choti njira yodziwira zoona inali m'manja mwanga momwe: malipiro a USDT amalembedwa poyera pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wa ndalamazi, ndipo aliyense atha kulowa pa tsamba loonera kaundulayo ngati Tronscan, kuikapo adiresi yake, n'kuona ngati chalowa chilipo. Kuyambira tsiku limenelo, kaya ndi abusa kaya ndi abishopu, ndimayamba ndaona ndekha.

Chachiwiri, misewu. Apa mvetserani bwino inu amene mukufuna kuyamba. USDT ndi imodzi koma imayenda m'misewu yosiyana. Pali wa Tron, umene amalemba TRC20, ndipo adiresi yake imayamba ndi T. Pali wa Ethereum, ERC20, adiresi yake imayamba ndi 0x. Vuto n'loti palinso misewu ina yomwe adiresi zake zimayambanso ndi 0x yemweyo. Mtsikana wina wa ku Dublin anasankha msewu wolakwika potumiza ku akaunti yanga ya pa kampani ina yosinthitsa ndalamazi. Kwa iye zinachoka, kwa ine sizinafike. Tinalemba makalata milungu itatu zisanatuluke, ndipo tinachita mwayi, ena zimapita osabweranso. Kunoku kulibe kauntala yoti ukadandaule, kulibe kuimba foni kuti bwezani ndatumiza molakwika ngati mmene timachitira ndi Mpamba. Nyimboyo ndinamupatsabe tsiku lomwelo, chifukwa kulira kwake pa voice note kunali koona.

Ndipo waleti ikakhala yakoyako, amakupatsa mawu 12 a Chingerezi, ena 24. Mawu amenewo ndiwo ndalamazo. Foni ikabedwa, ndi mawuwo umabwezeretsa zonse pafoni ina. Wina akawaona, wakukolopa. Ndiye taganizani munthu wokhala m'kachipinda ka malata, kudera komwe moto ukabuka umanyambita mzere wonse usiku umodzi. Uwasunga kuti? Anga ndinawalemba pamapepala awiri, ndipo limodzi silikhala m'nyumba muno. Kumene lili sindinena, ngakhale mundigulire fanta.

Tsono ndifike pomwe pali mtima wa nkhaniyi, chifukwa zonse ndanenazi ndi za kalandiridwe ka ndalama, ndipo zimenezo zinatheka. Chimene crypto sinandithandize n'china. Tsiku lina ndikuyendayenda pa Facebook ndinapeza vidiyo ya chinkhoswe cha ku Area 25. Akuvina bwino anthu, akufupa. Kumvetsera, biti yanga. Ndinafufuza m'kabuku kanga, ku Lilongwe ndinali ndisanagulitseko ndi imodzi yomwe. Patapita masiku mlamu wanga anandionetsa gulu la pa WhatsApp la oimba makwaya, anthu mazanamazana, mafayilo anga khumi ndi awiri ali ndandanda, wina atalemba pansi pake kuti landirani madalitso.

Ndinakwiya, ndisaname. Usiku umenewo sindinadye. Koma nditagona chagada ndinakumbuka kuti ineyo ndili ku Balaka ndinkapita kwa anyamata obena nyimbo pamsika, n'kudzazitsa memory card yonse ndi ndalama yosakwana kugula sopo. Oimba ake sindinawaganizirepo. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ankalankhula pa wailesi, ife n'kumati akutisokosa. Lero mkondo walasa mwini. Linki utha kuitseka ndi loko wamphamvu bwanji, koma fayilo ikangotsika pafoni ya munthu yasanduka nkhuku ya m'mudzi, ilowa khomo lililonse.

Ndiye ndinasintha kagulitsidwe. Mabiti akale aja ndinawasiya, ayende, akundilengezera malonda. Chimene ndimagulitsa tsopano ndi chomwe gulu la pa WhatsApp silingapereke. Kwaya imanditumizira voice note akuimba, ine ndimamva kuti amayi a soprano akukanika pamwamba, ndimatsitsa kiyi. Ndimawapatsa zida padera padera, ng'oma payokha, bezi payokha, kuti akakhala ndi wa gitala achotse gitala yanga. Ndimawasiyira malo oti abusa alankhulepo pakati. Makwaya asanu ndi awiri amalipira pamwezi, ndipo ali ndi foda yawo yomwe ndimaikamo nyimbo ziwiri zatsopano. Mwezi ukapanda kulipiridwa foda imatsekeka. Fayilo yopangidwira mawu a amayi a ku Leeds ikakafika kwa anyamata a ku Ndirande, siwakwana, ili ngati suti yobwereka. Amabwera okha kudzafunsa yawo.

Kunena za malamulo pang'ono, poti ena munafunsa ngati sindimangidwa. Kuno ku South Africa crypto si yoletsedwa. Mu October 2022 bungwe la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma kuno, linaiika m'gulu la zinthu za chuma zoyang'aniridwa ndi lamulo, ndipo makampani osinthitsa crypto ngati Luno ndi VALR amafuna ziphaso zako usanayambe kusintha kukhala marandi. A SARS, otolera misonkho kuno, nawo amafuna gawo lawo, phindu ndi phindu basi. Ine mapepala atalongosoka ndinalembetsa, ndipo ndimalemba malonda onse m'kabuku. Ku Pick n Pay ndinagulako buledi ndi mkaka ndi Bitcoin, kungofuna kuona ngati n'zoona. N'zoona. Kumudzi nkhani ndi ina: Reserve Bank inanena kale mu 2019 kuti zimenezi si ndalama zovomerezeka m'dziko la Malawi. N'chifukwa chake kwa amayi ndimatumiza kudzera njira zodziwika zomwe zija, alandire makwacha awo pafoni. Chomwe ndinaona n'choti kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, timadola tomwe ndinasunga tinagula malata ambiri kuposa mmene ndinkawerengera, ngakhale mitengo nayo sinachedwe kuthamanga.

Ndipo chonde, zanga zisakusokonezeni ndi zija za ikani 1,000 mulandire 5,000 Lachisanu. Amene munali kuno mu December 2020 mukukumbuka mmene Mirror Trading International, kampani yomwe inkalonjeza anthu phindu pa Bitcoin, inagwera, anthu zikwizikwi n'kutsala manja ali m'khosi. Ine ndili ndi katundu, munthu amalipira, amatenga katundu. Palinso ena pa Telegram ogulitsa mafilimu a eni, mabuku a eni, ena mpaka zithunzi za atsikana omwe sanavomereze, ati poti crypto sadziwika. Akudzinamiza. Blockchain siiwala, ndipo tsiku losintha ndalamazo kukhala marandi chiphaso chimafunika.

Amayi anga mpaka lero samvetsa. Lamlungu lapitali anandifunsa pafoni kuti, iwe, ndalama ukunenazo zimakhala kuti? Ndinati zili mufoni, amayi. Anati nanga foniyo ikagwera m'madzi? Ndinati zili m'mawu khumi ndi awiri. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, mawuwo ndi a m'Baibulo? Ndinaseka mpaka mayunitsi anatha.

Basi, ndisiyire pomwepa, magetsi athawa nthawi ina iliyonse ndipo kwaya ya ku Kitwe ikudikira nyimbo ya Khirisimasi yomwe bezi yake sinandikhalebe bwino. Amene muli ndi funso la TRC20 lija nditumizireni voice note, koma mawu anu 12 musanditumizire, ngakhale ineyo nditakupemphani. Tsalani bwino.